Kumtunda Kwathu Kuli Kumunsi

Alamu anga anali munthu woti ukawapatsa mpando, mpandowo ndiwo unkapuma. Ankakhala m'mphepete mwenimweni, phazi limodzi litaloza kale kukhomo, ndipo tiyi asanathe n'komwe m'kapu unkangomva, "Basi, tinyamuke." Ku ukwati, tinyamuke. Kuchipatala, adokotala ali m'kati molemba mankhwala, tinyamuke. Dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso. Tauni yonse inkawadziwa kuti a Tinyamuke a ngolo.

Ngoloyo inali yokankha ndi manja, ya matayala awiri a galimoto, thupi lamatabwa, ndi zogwirira zachitsulo zomwe zinachita kusalala chifukwa cha zikhatho zawo. Ankanyamula chilichonse, kaya simenti, malata, makatoni a sopo, mchenga wa kumtsinje, ngakhale mabedi ndi mapoto a anthu osamuka. Koma katundu amene ankafunitsitsa kumusamutsa, amene anawakanika kuyambira tsiku la ukwati, anali mkazi wawo, achemwali anga. Ankafuna kuwachotsa kufupi ndi mtsinje madzi asanabwere. Ndikanena kuti moyo wawo wonse unathera pa chinthu chimodzi chomwechi, sindikukokomeza.

Ndikuuzeni kaye mmene tauni yathu inakhalira, chifukwa imasokoneza alendo. Inamangidwa pachitunda chotsetserekera kumtsinje. Pamwamba penipeni pali msewu wa tala, masitolo akuluakulu, chipatala, sukulu ndi thanki ya madzi, ndipo kumeneko timati Kumsewu. Ukatsika umafika Pakati, pomwe pali msika, chigayo ndi nyumba za lendi zothithikana moti mnzako akayetsemula iwe ndi amene umapukuta kumaso. Ukatsikabe n'kudumpha njanji yakale umafika kumunsi kwenikweni, komwe nthaka imakhala yonyowa ngakhale m'chilimwe, komwe achule amayamba kulira anzawo asanamve n'komwe za mvula. Kumeneko ndiye timati Kumtunda.

Eya, mwamva bwino. Kumtunda kwathu kuli kumunsi.

Namwino wina watsopano atauzidwa kuti wodwala ali Kumtunda, anakwera mpaka pa thanki ya madzi, thukuta lili kamukamu, n'kukapeza mbuzi zokhazokha. Anabwerako akutitukwana kuti ndife anthu osadziwa ndi Chichewa chomwe. Ife tinangoseka, chifukwa obadwira konkuno sitionapo chachilendo.

Nkhani yake ndi yakuti tauniyi inayambira pomwe lero pali madzi ndi bango. Kale kunalibe mlatho. Magalimoto ankaoloka pa pantoni yokokedwa ndi chingwe chachitsulo, ndipo pamene pantoniyo inkakocheza ndi pamene panamera masitolo oyamba, malo ogona madalaivala ndi misasa ya amayi ogulitsa tiyi. Pamenepo ankati Padooko. Njanji itabwera, siteshoni anaimanga pakamtunda kena chapoteropo, ndiye anthu a Padooko akamapita kukadikira sitima ankati tikupita kumtunda. Nthawi imeneyo ankanena zoona. Kenako chaka china mtsinje unasefukira n'kukokolola Padooko yense, opulumuka n'kukamanga mozungulira siteshoni. Patapita zaka sitima inasiya kuyenda, mlatho anaumanga kutali ndi ife, msewu wa tala n'kudutsa pamwamba pa chitunda. Tauni inanyamuka n'kulondola msewu, monga amachitira matauni onse. Dzina lokha ndi limene linatsala pomwe linali.

Alamu anabadwira Padooko. Bambo awo ndiwo ankakoka chingwe cha pantoni, ndipo madzi aja anawatenga pamodzi ndi pantoni yomwe. Iwo anapulumukira padenga la sitolo ali kumbuyo kwa amayi awo. Nkhani imeneyi sankaikamba, tinachita kuimvera kwa ena. Chomwe ankanena n'chakuti madzi saiwala khwawa, ndipo ankachinena pafupipafupi moti amayi a mumsika ankangowamalizira asanafike kumapeto.

Ine ndi achemwali ndife ana a Kumtunda. Bambo athu ankagulitsa matikiti a sitima, ndipo nyumba yathu ya njerwa zootcha inali moyang'anana ndi nyumba yodikiriramo apaulendo. Sitima itasiya, achemwali anaika makina awo osokera pakhonde la nyumba yodikiriramo ija, ndipo anasoka pamenepo mpaka imvi. Madiresi a akwati, mayunifolomu a sukulu, mathalauza ong'ambika pamatako, zonse zinkatsikira kwa iwo. Kumtunda ankakukhulupirira monga ena amakhulupirira abusa awo.

Atangokwatirana ankakhala m'chipinda chakuseri cha nyumba yathu. Ine ndinali kamtsikana, ndipo mkangano wawo ndinaumva koyamba kudzera pakhoma.

"Amayi, tisamuke kuno. Kuno n'kumunsi."

"Kuno ndi Kumtunda, bambo. Funsani aliyense."

"Ndikafunse ndani? Ine ndimafunsa ngolo. Ndikamachokera Kumsewu imachita kundikoka mpaka pakhomo pano. Chinthu chopita kumtunda chimathamanga chokha?"

"Ndiye ngolo yanuyo ndi imene yapita kusukulu kuposa anthu tonse? Madzi aja atamaliza Padooko, kuno anafika?"

"Sanafike."

"Nanga?"

"Tsiku limenelo sanafike."

"Khalani pansi mumwe tiyi. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono imadekha chifukwa nyumba yake ili kumsana. Tinyamuke."

Mkangano umenewu ndinaumva ndili mtsikana, ndinaumva ndili pabanja, ndinaumvanso amuna anga atamwalira ine nditabwerera m'nyumba ya makolo. Sunkasintha. Ena amati banja limalimba ndi ana, koma la awiriwa linalimba ndi mawu amodzi amenewa. Tsiku likadutsa osakangana za Kumtunda, achemwali ankawagwira pamphumi kuona ngati thupi latentha.

Alamu dzinali sankalitchula. Kwathu ankati kusiteshoni, akakwiya ankati kudzenje kuja. Pakamwa pawo kumtunda kunali kumodzi, kokwera, koliza mawondo. Kasitomala akati, "A Tinyamuke, malatawa apite Kumtunda," iwo ankayamba aimika ngolo n'kufunsa, "Kumtunda kwa Mulungu kapena kumtunda kwanu?" Mphunzitsi wina anawayankha mwamwano kuti kumtunda n'kumodzi, asamutayitse nthawi. Alamu anavomera mwaulemu, n'kukankha mipando ya munthuyo mpaka pa thanki ya madzi, n'kuitsitsa bwinobwino pakati pa mbuzi zija. Anakaitenganso okha, osalipiritsa, koma sabata yonse ankayenda mokhutira ngati munthu wopambana mlandu.

Kusamuka anasamuka ndithu, koma movutikira ngati kuzula dzino. Ulendo woyamba anawakokera achemwali kutsidya kwa njanji, kuseri kwa chigayo. Kumeneko ufa unkalowa ndi m'mabulangete momwe, ndipo chigayo chikalira makapu ankavina pashelefu. Achemwali anapirira mwezi, kenako tsiku lina alamu pobwera kuntchito anapeza mapoto abwerera kwathu. Sanakalipe. Anangotembenuza ngolo n'kudzawatenga, mapoto ndi mwini wake yemwe. Kuchoka apo anakhala kuseri kwa bala ina, komwe ankagona nyimbo zili m'makutu, kenako m'nyumba ya mayi wina wovuta amene ankayang'anira ndi madzi otsukira mbale omwe. Nyumba iliyonse yatsopano inkakhala yoipa kuposa yakale, koma inkakhala kumwamba pang'ono, ndipo kwa alamu chimenecho ndiye chinali khonde, bafa ndi khitchini. Achemwali ankati anakwatiwa ndi nkhuku yofuna kuikira.

Anakafika mpaka m'kati mwenimweni mwa Pakati, m'nyumba ya zipinda ziwiri pafupi ndi msika, achemwali n'kunenetsa kuti apa ndiye pomaliza, akadzawasamutsanso adzawasamutsa ali m'bokosi. Koma kupambana kwa alamu kunali kwa theka. Anasamutsa bedi, sanasamutse makina. M'mawa uliwonse achemwali ankamanga mpango, n'kutsika kukakhala pakhonde lawo la kusiteshoni mpaka dzuwa kupendeka.

"Makasitomala anga amandidziwira pano," ankatero. "Ndikakwera uko ndikasokera mbuzi?"

Ndiye alamu ankangozungulira. Katundu wopita kuchipatala ankadutsa naye kusiteshoni, njira yoti ngakhale wamisala sangaisankhe. Ankaima, kuyang'ana mkazi wawo, kuyang'ana kumtsinje, kuyang'ana kumapiri ngati kuli mitambo, kenako n'kumapita. Nyengo ya mvula ankaonda, kolala ya malaya n'kumakhwepa. Ine ndimaluka tsitsi, ndipo pa nthawiyo ndinkalukira pakhonde lathu, ndiye zonsezi ndinkaonera ngati kanema. Sindinkawasiya adutse mwamtendere.

"Alamu, mtsinje ulipo, sunabedwe!"

"Seka, mlamu. Mano ndi ako."

"Khalani pansi ndikulukeni, mwina mutu ungakhazikike."

"Tsitsi lake liti? Linatha ndi achemwali akowa."

Ndinkawakonda, ndinene poyera. Bambo athu atamwalira ndiwo anakhoma denga lathu, ndiwo ankanditengera kuchipatala bondo langa litayamba kutupa, ndipo sanandiwerengerepo zimenezi. Koma ankatopetsa. Munthu woti mukudya bwinobwino iye akukamba za madzi, amakuchotsa chilakolako cha chakudya.

Tsiku lina anabwera kuchokera kokumba mchenga, n'kukhala pa sitepe yathu osauzidwa. Ndinadabwa mpaka ndinasiya chipeso.

"Ukudziwa zipilala zija ankamangirirapo pantoni?" anandifunsa. "Ndili mwana, munthu wamtali sankafika pamutu pake. Lero ndakhalapo pomanga nsapato."

"Mwakhalapo? Inu? Kugwa mvula ya matalala lero."

"Ndikunena zenizeni. Mapiri aja awameta mpala ootcha makala ndi njerwa. Dothi lonse likutsikira mumtsinje. Mtsinje ukukwera, mlamu, ukubwera kuno pang'onopang'ono. Pita ukaonenso mipata ya madzi ija ya pansi pa njanji, yadzaza mapepala ndi zinyalala."

"Ndiye mukauze a khonsolo."

"Ndawauza. Akuti Kumtunda sikunasefukirepo."

"Mwaona! Ndi a khonsolo omwe akugwirizana ndi achemwali."

Sanaseke. Anaimirira, n'kupukuta kumbuyo kwa thalauza, n'kunyamuka.

Chaka chomwecho anapeza kamalo kuseri kwa thanki ya madzi, pamiyala pomwe palibe amene ankapafuna. Anayamba kumanga ndi zotsala za eni ake. Akapereka njerwa pamalo omanga ankapempha zoduka, akanyamula malata atsopano ankapempha akale obooka, n'kumata mabowo ndi phula. Chitseko chinachokera ku sitolo ina yomwe inagwetsedwa, ndipo chinali chidakali ndi chithunzi cha botolo la zakumwa. Nyumbayo inakwera pang'onopang'ono, khoma lililonse mtundu wake. Itatha anawatenga achemwali kuti akaone. Achemwali anazungulira kamodzi, mphepo ikuwavula mpango, n'kunena kuti ndi yabwino, akadzamwalira adzawaike momwemo. Sanagonemo. Alamu ankapitako kukasesa, n'kutseka, n'kutsika.

Ukalamba unawapeza ali m'njira. Mawondo anayamba kulira, ntchito yambiri inapita kwa anyamata a njinga zamoto ndi timagalimoto tonyamula katundu, ndipo ngolo inatsala ndi makasitomala akale okhaokha. Tinkati mwina tsopano akhazikika. Ayi ndithu, zinanyanya. Ankati nthawi yawachepera, akafa iwo palibe amene adzawakokere achemwali kumwamba.

"Zengerezu adalinda kwawukwawu, amayi."

"Kuthamanga sikufika, bambo."

Miyambi inkathera pamenepo, aliyense n'kupita kuntchito yake.

Chaka chomwe madzi anabwera, mvula m'tauni sinali yoopsa. Inkangowaza, kuleka, kuwazanso. Koma kumapiri kunali kutada bii kwa masiku angapo. Tsikulo achemwali sanatsike kusiteshoni m'mawa, anali ndi chimfine, ndiye anatsala m'nyumba ya Pakati akusoka mabatani ndi manja. Alamu anali Kumsewu akukweza simenti. Dalaivala wina wa lole amene anali atangooloka pamlatho anatsika n'kunena kuti madzi akugunda mimba ya mlatho, akubwera ndi mitengo yathunthu ndi ng'ombe. Alamu anasiya thumba la simenti pansi n'kuimba foni. Zomwe ananena ndikuzidziwa bwino, chifukwa onse awiri anandiuza, aliyense payekha.

"Amayi, madzi akubwera. Siyani zonse, thawirani kumtunda, ndikupezani komweko."

Atangotero foni inaduka, ndipo sinagwirenso tsiku lonselo.

Anathamangira pageti la sukulu, pomwe anthu anali atayamba kusonkhana. Anayang'ana uku ndi uku, kutsetsereka pang'ono, kubwerera. Ali chiimire pamenepo, mawu awo omwe anawabwerera m'makutu. Anali atanena kuti kumtunda, ndipo anauza munthu amene kumtunda amakudziwa kumodzi kokha. Anagwira ngolo n'kutsika nayo pa msewu wa kumsika, anthu onse akukwera iwo okha akutsika. Kunyumba anapeza loko pachitseko. Mayi woyandikana nawo anati achemwali atuluka mothamanga ndi kamtolo, koma sanaone komwe alowera.

Ine ndinali m'nyumba ya makolo. Madzi sanabwere ndi phokoso monga ndinkaganizira. Analowa mwakachetechete pansi pa chitseko, ofiira, onunkha matope, ndipo sanachokere mbali ya kumtsinje yokha, anachokeranso kunjanji komwe mipata ija inatsekeka. Ndinakweza ufa ndi zovala patebulo, n'kukhala pabedi miyendo m'mwamba, ndikudziuza kuti aphwa posachedwa. Nditamva chitseko chikukankhidwa, madzi anali atafika m'miyendo ya bedi theka.

"Ali kuti?"

"Ndani?"

"Achemwali ako! Ndawauza kuti athawire kumtunda."

"Ndiye mukuwafuna kuno bwanji?"

"Mlamu, ndanena kuti kumtunda. Pakamwa pangapa! Zaka zonsezi ndakhala ndikusamala mawu amenewa, lero andipulumuka."

"Sanabwere kuno, alamu."

Sanandikhulupirire. Analowa m'chipinda chakuseri, kukhitchini, anasuzumira ndi kubafa komwe, akuitana, "Amayi! Amayi!" Malaya anali atawamatirira pathupi, ndipo ndinaona nthiti zawo zikukwera ndi kutsika. Aka kanali koyamba kuwaona ali ndi mantha osabisa, ndipo mantha awowo ndi amene anandigwira ine.

"Kwera ngolo."

"Ine ndikwere ngolo ngati thumba la simenti?"

"Thumba la simenti silitsutsa. Kwera!"

Ndi bondo langa lija sindikanatha kuyenda m'madzi. Anandinyamula, munthu wokalamba uja, n'kundikhazika m'ngolo. Panja msewu unali utasanduka mtsinje. Mabeseni, nkhuku zakufa, nsapato ndi zitseko za zimbudzi zinkayandama n'kumatigunda. Anthu ankathamanga matiresi ali pamutu, ena akuitana mayina a ana awo. Mayi wina anandiponyera khanda pamiyendo osandifunsa, n'kugwira m'mbali mwa ngolo. Pofika pa njanji madzi anali m'chiuno mwa alamu, ngolo inayamba kuyandama n'kumakhotera kumbali, iwo n'kumaibweza ndi chifuwa. Khosi lawo linkangotembenukatembenuka, kuyang'ana nkhope ya mayi aliyense wodutsa.

Pa chigayo nthaka inali idakali pamtunda. Ananditsitsa, mayi uja anatenga mwana wake, ndipo ndisanapume n'komwe ndinaona ngolo yatembenuzidwa.

"Mukupita kuti?"

"Kusiteshoni. Apita kukatenga makina."

"Alamu, mwina akwera. Mwina ali kusukulu pano tikukambamu."

Anandiyang'ana n'kuseka pang'ono, kuseka kopanda mkwiyo.

"Iwe unakulira m'manja mwathu. Unawaonapo akundimvera tsiku limodzi? Ali kumakina."

"Tiyeni tikaone kaye kumwamba, chonde."

"Ndikakwera n'kutsikanso, madziwa andidikira? Iwe kwera. Ukakawapeza kumeneko, ndiye kuti Mulungu wachita zachilendo. Ukawauze asasunthe."

Ndinawagwira malaya. Anachotsa dzanja langa pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi, ngati mmene umachitira ndi mwana, n'kulowanso m'madzi. Ndinawakalipira, ndinawatchula nkhalamba yosamva, ndinalira. Ndinaona mutu wawo wadazi ukudumpha njanji, kenako anakhota kuseri kwa nyumba zija.

Ndinakwera chitunda ndikutsimphina, ndikugwira mipanda ya eni ake. Mvula inali itayambanso. Pamsika ogulitsa ankalongedza mothamanga, wina akukuwa kuti madzi afika pa chigayo, wina akumutsutsa. Aliyense amene ndinamudziwa ndinamufunsa za achemwali, ndipo aliyense ankagwedeza mutu n'kundifunsa za wake. Mumtima ndinkapemphera pemphero losokonekera. Ndinkafuna ndiwapeze kumwamba ali moyo, komanso ndinkaopa kuwapeza kumeneko.

Anali pageti la sukulu. Anali atakumbatira kamtolo kawo pachifuwa, mpango utanyowa, akuyenda kuchoka kwa munthu uyu kupita kwa uyo. Anadzera kanjira kachidule ka kuseri kwa msika, nthawi yomwe amuna awo ankatsika pa msewu waukulu. Atandiona anandithamangira n'kundigwira mapewa.

"Wapulumuka, mwana wa amayi! Alamu ako wawaona? Anati andipeza kuno."

"Ndi amene anditulutsa m'nyumba."

"Ndiye ali kuti?"

"Akukufunani Kumtunda."

"Kumtunda kuti? Si kuno ndili ine?"

"Kumtunda kwathu, achemwali."

Kamtolo kaja kanagwa m'matope, ndipo ndinaona kuti munali bulangete ndi jekete la amuna awo, lomwe anawatengera kuti adzavale akanyowa.

"Sunawauze kuti ndakwera?"

"Ndawauza kuti mwina mwakwera."

"Anati chiyani?"

Ndinafuna kunama, koma achemwali anandilera, bodza langa amalidziwa lisanatuluke.

"Anati simunawamverepo tsiku limodzi."

Anakhala pansi pomwepo, m'matope, miyendo atatambasula.

"Ndinaima pakhomo loko ali m'manja," anatero, mawu ali pansipansi. "Phazi linaloza kwathu, kwa iwe ndi kumakina. Ndiye ndinati, bambowa akati kumtunda amanena kwa Mulungu. Ndinati lero lokha ndiwamvere, asavutike kundifunafuna."

Kenako anadzuka kuti atsike. Tinawagwira anthu angapo, ndipo anatimenya, anatiluma, akukuwa kuti tiwasiye. Kuchokera pagetipo Kumtunda kunkaoneka konse. Madenga okha ndi amene anatsala pamwamba, ndipo la siteshoni linali kumira ife tikuona.

Madzi ataphwa anthu anawapeza alamu atamwalira kale, pafupi ndi nyumba yodikiriramo ija, atakodwa mu mpanda wa waya. Ngolo inali itapanikizika pakati pa zipilala za khonde. M'ngolomo munali makina osokera, atakutidwa ndi pepala la pulasitiki, atamangidwa bwinobwino ndi chingwe, mfundo zake zija za alamu zomwe palibe ankatha kuzimasula. Atapeza pakhonde palibe munthu, sanabwerere chimanjamanja. Ankamudziwa mkazi wawo, ankadziwa kuti makinawo akatsala kumeneko adzatsikanso kukawatenga.

Ndinakwiya kwa miyezi, ndipo sindinkadziwa woti ndimukwiyire. Ndinakwiyira mtsinje, ootcha makala, foni, ndi amene anayamba kutchula malo aja dzina limenelo. Alamu ndinawakwiyira kwambiri, chifukwa munthu amene ankadziwa madzi kuposa tonse ndi amene analowamo ndi mapazi ake.

Anthu ambiri anabwerera. Akumanganso mozungulira siteshoni, pamatope pomwepo, chifukwa malo a kumwamba ndi odula ndipo munthu amafuna pogona. Dzina silinasinthe. Mukakwera njinga yamoto lero n'kunena kuti Kumtunda, mnyamatayo azimitsa injini kuti asunge mafuta, mutsetsereka mpaka kukafika.

Ine ndi achemwali tikukhala m'nyumba ya kuseri kwa thanki. Sidontha. Makina anawatsuka, anawathira mafuta, ndipo amasoka pakhomo mphepo ikuwaulutsira nsalu. Makasitomala akale ena amakwera, ena anapeza atelala ena. Tsiku lina kumsika tinakumana ndi mayi wina amene anasamukira kutali madzi asanabwere. Atapepesa za maliro anafunsa kuti, "Nanga masiku ano mukukhala kuti, ndidzabweretse nsalu?"

Achemwali anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Anaika dengu pansi n'kuloza ndi dzanja kumwamba, kuthanki.